Kumeza Mitambo ku Sham Shui Po

Mbale itafika patebulo ndinayang'ana alamu anga, iwonso n'kundiyang'ana. Kanali kambale kolowa, kosasiyana ndi kamene kwathu timapakuliramo ndiwo za mwana. Pamwamba panali kamulu ka tizingwe tachikasu toonda ngati ulusi wa telala, m'mbalimu muli msuzi woyera mbee, ndipo chogwirira cha supuni chinali chitasuzumira kuchokera pansi pa zonsezo. Nyama sindinaione.

"Alamu, kodi chimenechi n'cholawitsa kapena ndiye chakudyacho?"

"Idyani, alamu. Mukachedwa akudzutsani, pakhomopo pali anthu akudikira mpando wanuwo."

Munali m'chaka cha 2017. Ndinali nditaperekeza alamu angawo ku Guangzhou, komwe amakapikula nsapato ndi zikwama, ndipo katundu atapakidwa tinakwera sitima ya pamtunda, ulendo wa maola awiri, kukaona Hong Kong. Njala inatipeza ku Sham Shui Po, dera la anthu wamba ku Kowloon, ndipo tinalowa m'kalesitilanti kopanikizika komwe wophika anali kuseri kwa galasi pakhomo penipeni, nthunzi ili tolotolo. Sanatifunse ngati tikufuna tebulo lathulathu. Mayi wina anangotilozera mipando iwiri pomwe panali kale gogo wina wamwamuna akudya. Mtima unandiwawa poganiza za ndalama zomwe ndikalipire kambale kameneka, koma kwa eni kulibe mkuwe.

Nditavundula ndi timitengo todyera tija ndinapeza kuti ndiwo anazibisa pansi: timitolo tinayi ta nyama ya nkhumba ndi tinkhanu ta m'nyanja ya mchere, tokulungidwa m'kachikopa ka ufa kopyapyala, ngati samusa wowiritsa. Timitoloti amatitcha wonton, ndipo tizingwe tija ndi min. Gogo uja, yemwe Chingerezi ankachitha, anandiuza kuti m'kalembedwe ka anthu a ku Canton dzina loti wonton limalembedwa ndi zilembo ziwiri, china chotanthauza mtambo, china kumeza. Ndithudi mphonje za kachikopako zimayandama mumsuzi ngati timitambo ta m'chilimwe.

Koma chomwe chinandiimitsa mutu chinali fungo la tizingweto. Ndinalidziwa. Linali fungo la chidulo, madzi aja amene amayi ankatcheza m'phulusa la zitsononkho pofuna kuphika therere. Ndili kusekondale ndinkachita manyazi nacho chidulo, ndinkachiyesa chinthu cha kumudzi, cha anthu osowa ndalama yogulira soda. Lero ndinali kuchilipira madola mumzinda wa nyumba zosanjikizana mpaka kumwamba. Anthu a kum'mwera kwa China nawonso kale ankatcheza madzi amenewa m'phulusa la zomera, ngakhale masiku ano amagula a m'botolo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timathira m'masamba kuti afewe, pomwe iwo amathira mu ufa wa tirigu wokanda ndi mazira a bakha kuti ulimbe, ukhale wachikasu ndiponso wotamuka pouluma. Akale ankaukanda ndi nsungwi yaikulu: mbali imodzi ankaikoleka kukhoma, munthu n'kukhala mbali inayo ngati wakwera bulu, akudumphadumpha mpaka ufa utagonja. Ochita zimenezi atsala owerengeka.

Nanga chakudya chimenechi chinafika bwanji kuno? Apa m'pamene ndinazindikira kuti njira yomwe tinadzera m'mawa uja ndi yomwenso inadzera mbale yanga.

Kum'mwera kwa China n'kwa mpunga. Tirigu ndi wa kumpoto. Koma Guangzhou, womwe Azungu ankautcha Canton, unali mzinda wa malonda komwe zinthu za kutali zinkakumana. Kuyambira 1757 mpaka 1842 linali doko lokhalo lomwe amalonda a ku Ulaya ankaloledwa kugulirapo tiyi ndi silika. Angerezi posowa chogulitsa chomwe Matchaina angachifune, anayamba kulowetsa opiyamu, mankhwala ozunguza bongo ochokera ku India. Boma la China litaletsa, kunabuka nkhondo m'chaka cha 1839, ndipo pangano la Nanking la 1842 linapereka chilumba cha Hong Kong m'manja mwa Britain. Kowloon anamutenga mu 1860, ndipo mu 1898 anabwereka dera lina lalikulu kwa zaka 99. Motero panabadwa mizinda iwiri ya anthu a chiyankhulo chimodzi, woyandikana, koma pansi pa mbendera zosiyana. Mu 1911 njanji inailumikiza.

Ku Guangzhou, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, wonton ndi min sichinali chakudya cha m'nyumba zolemekezeka. Ankachigulitsa anthu oyenda m'misewu atanyamula mbaula ndi mphika pamtengo wa paphewa, akugogoda timatabwa kuitana ogula usiku. Chinali chongophera njala munthu asanakagone, osati mgonero. N'chifukwa chake kambaleko n'kakang'ono mpaka lero. Chifukwa china n'chakuti tizingweto tikakhalitsa mumsuzi timalefuka, choncho amaika supuni ndi wonton pansi kuti zititukule, ndipo wakudya ayenera kumaliza tisanafewe. Kufulumira komwe ine ndinkakuyesa mwano kunali mbali ya kaphikidwe.

Kenaka kunabwera nkhondo. Asilikali a Japan analanda Guangzhou mu Okutobala 1938, ndipo anthu anakhamukira ku Hong Kong. Nakonso kunagwa pa Khirisimasi ya 1941, njala n'kuwabalalitsa: mzinda womwe unali ndi anthu pafupifupi 1.6 miliyoni unatsala ndi anthu ngati 600,000 pofika 1945. Nkhondo itatha anabwerera, ndipo mu 1949, chaka chomwe agogo athu kuno amachikumbukira ndi njala yoopsa ija, chipani cha Mao Zedong chinatenga boma ku China. Sitima zopita molunjika pakati pa mizinda iwiriyi zinaima, osayambanso mpaka 1979, koma anthu ankawolokabe wapansi pamlatho wa Lo Wu. Pofika 1951 anthu a ku Hong Kong anali atapitirira 2 miliyoni.

"Bambo anga anawoloka ndi mtengo wa paphewa basi," anatero gogo uja, akupukuta pakamwa. "Ine anandinyamula mayi anga."

Analoza ndi timitengo take cha kumpoto, komwe kuli Shek Kip Mei, mtunda wongoyenda wapansi kuchokera pomwe tinakhalapo. Kumeneko othawa kwawo anamanga zisakasa za matabwa ndi malata m'mbali mwa phiri, ndipo usiku wa Khirisimasi mu 1953 moto unapsereza zonse, anthu oposa 50,000 n'kutsala padzuwa. Boma la atsamunda, lomwe linkayembekeza kuti alendowo tsiku lina abwerera kwawo, linakakamizika kuyamba kuwamangira nyumba. M'zaka zomwezo wansembe wina wa Chikatolika wa ku America, John Romaniello, ataona kuti ufa wa tirigu wa chithandizo ukuwavuta anthu ozolowera mpunga omwe analibe ngakhale uvuni, anayamba kuupanga min ndi makina n'kumagawa. Ndikumva zimenezi ndinakumbukira Lizulu wa m'ma 1980, pomwe abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza tsidya lino la msewu, ndipo posakhalitsa amayi awo anali atayala kale malonda. Munthu wothawa amasiya munda ndi nyumba, koma luso la m'manja amawoloka nalo.

Ku Hong Kong luso limeneli linakhazikika m'misewu, m'timalo todyera ta zitsulo zobiriwira totchedwa dai pai dong, zomwe tingazifanizire ndi chiimirire cha m'misika mwathu, kungoti kumeneko kunali timipando. Dzinali limatanthauza malo a chiphaso chachikulu, poti chiphaso chake chinali chotambalala, chokhala ndi chithunzi cha mwini wake. Nkhondo itatha boma linkapereka ziphasozi kwa mabanja a ogwira ntchito m'boma omwe anafa kapena kuvulala. Banja lodziwika kwambiri pa wonton ndi la a Mak. Mak Woon-chi anatchuka ku Guangzhou nkhondo isanayambe, ndipo mwana wake Mak King-hung anatsegula kamalo kotere ku Central m'zaka za m'ma 1960, komwe kanadzakula n'kukhala Mak's Noodle ya mumsewu wa Wellington. Koma boma linaleka kupereka ziphaso zatsopano ponena kuti timaloti tikutseka misewu ndiponso tikudetsa mzinda, ndipo ambiri analowa m'nyumba za lendi. Lendiyo ndiye amene amakukhazika patebulo limodzi ndi munthu wosamudziwa. Kunena zoona, sindikhulupirira kuti ukhondo wokha ndiwo unathamangitsa anthu amenewa mumsewu. Malo a mumzinda umenewu ndi golide, ndipo wogulitsa kambale ka msuzi sapikisana ndi womanga nsanja.

Angerezi anatsitsa mbendera yawo pa 1 Julaye 1997, zaka 99 zija zitatha. Ndinamufunsa gogo uja ngati tsikulo linasintha kanthu pa moyo wake. Anaseka, n'kundisunthira kabotolo ka vinega wofiira.

"Thirani pang'ono. Amapha fungo la phulusalo."

Sindinathire. Ndinamwa msuzi wonse, womwe amauwiritsa ndi nsomba youma yowamba pamoto, mafupa a nkhumba ndi makoko a tinkhanu tija, ndipo kukoma kwake kunandifikitsa kufupi ndi utaka wofutsa kuposa momwe ndinkayembekezera. Gogo uja anadzuka osatsanzika, monga amachitira kumeneko, ndipo mpando wake usanazizire panakhala mtsikana wa yunifolomu ya sukulu, maso ali pafoni.

"Tizipita, alamu?"

"Dikirani pang'ono, alamu. Auzeni abweretse ina."

Nthawi ino ndinaitanitsa sui gau, timitolo tokulirapo tokhala ndi bowa wakuda ndi mphukira za nsungwi. Mayi uja analemba nambala pakapepala, n'kukalowetsa pansi pa galasi la tebulo, ndipo anapukuta malo a gogo aja ndi nsanza yonyowa, chigongono changa chikadali pomwepo.