Mwana akayamba kusewera: umboni umene unali ndi amai okha

Kuno kwathu mimba siilengezedwa msanga. Mzimai amasunga cinsinsi cake, mwina n'kuuzako ambuya kapena alangizi, ndipo ambiri amadikira tsiku limene mwana ayamba kusewera m'mimba kuti akhulupirire kuti alidi ndi pakati. Nthawi zambiri izi zimacitika pakati pa milungu 16 ndi 20, ndipo wa mimba yoyamba amacedwerako kuzindikira. Timaiona ngati nkhani ya kucipinda cabe. Koma ku England, kumene malamulo athu ambiri anacokera, kugunda kwa mwana kunali kuliritsa mabelu a machalichi ndi kuimitsa cingwe ca wonyonga.

Cifukwa cake n'cosabvuta kumva. Kale kunalibe cipimo ca mkodzo, kunalibe sikani. Kusiya kusamba kungabwere ndi njala kapena matenda, mimba ingatupe ndi cotupa. Cizindikiro cimene onse anali kudalira cinali kugunda kwa mwana, ndipo munthu mmodzi yekha pa dziko lonse ndiye anali kukumva. Oweruza, ansembe ndi mafumu anali kudikira mau a mzimai.

Anthu ophunzira anamangapo ziphunzitso zao. Aristotle wa ku Greece analemba kuti mwana wamwamuna amayamba kugunda pa masiku 40, wamkazi pa masiku 90. Amai aliyense amene anaberekapo akanamuuza kuti walasa pambali, koma amuna anapitiriza kukopera mau akewo kwa zaka zoposa 1,000. Mu 1765 katswiri wa malamulo William Blackstone analemba kuti pamaso pa lamulo moyo umayamba pamene mwana akhoza kugunda m'mimba.

Lamuloli linali ndi mano. Mzimai akaweruzidwa kuti anyongedwe, anali ndi ufulu wokamba kuti ali ndi pakati. Khoti inali kusankha azimai okwatiwa 12, kuwatsekera naye m'cipinda kuti amuone ndi kumugwira pamimba. Akanena kuti mwana ayamba kale kugunda, cilango cinali kuimitsidwa mpaka atabereka, ndipo ena anali kukhululukidwiratu pambuyo pake. Akanena kuti sanayambe, cingwe cinali kumudikira. Anne Bonny ndi Mary Read, azimai acifwamba ca panyanja amene anaweruzidwa ku Jamaica mu 1720, anapewa cingwe mwa njira imeneyi, ngakhale kuti Read anamwalira m'ndende caka cotsatira. Taganizani, m'nthawi imene mzimai sanali kuloledwa kukhala woweruza, khoti inali kugonjera manja a azimai pa nkhani imeneyi. Mwambowu unathetsedwa ku England mu 1931.

Nkhani imene imatikhudza mtima kwambiri ndi ya Mfumukazi Mary woyamba. Anakwatiwa ndi Philip wa ku Spain mu July 1554 ali ndi zaka 38, ndipo dziko linali kudikira mwana wolowa ufumu. Mu November caka comweco, pamene Kadinala Reginald Pole anafika ku London, Mary anakamba kuti wamva mwana akugunda. Machalichi analamulidwa kuimba nyimbo zoyamika. Mimba inakula, zobvala zinacepa. Mu April 1555 anabindikira ku Hampton Court pamodzi ndi azamba, kabedi ka mwana kali cikonzekere, makalata olengeza kubadwa atalembedwa kale, tsiku lokha litasiyidwa. Pa 30 April mphekesera inafika mu London kuti kwabadwa mwana wamwamuna, mabelu analira, anthu anakoleza moto m'miseu. Munalibe mwana. May anadutsa, June, July. Mu August anacoka kumeneko mwakacetecete, manja ali lende. Anamwalira mu 1558 wopanda mwana. Sitikhulupirira kuti ananama. Munthu wofunitsitsa mwana thupi lake lingamupusitse, ndipo mpweya woyenda m'matumbo umafanana ndithu ndi kugunda koyamba. Umboni wa mzimai unali wokhawo, koma nao unali kuphonya.

Pang'onopang'ono madokotala anayamba kuulanda. Mu 1816 René Laennec wa ku Paris anapinda pepala ngati mpope n'kumvera mtima wa wodwala. Mu 1821 mnzake Kergaradec anaika cipangizoco pamimba ya mzimai, akuyembekezera kumva madzi akukhabvuka, koma anamva kamtima kakugunda mofulumira. Tsopano munthu wina anali kukhoza kudziwa za mwanayo popanda kufunsa amai ake. Lamulo linatsatira: la mu 1803 linali kusiyanitsa cilango ca kucotsa mimba mwana asanagunde ndi atagunda, koma la mu 1837 linafafaniza malirewo. Mu 1895 Adolphe Pinard anapanga kalipenga komvera mtima wa mwana, komwe kaja anamwino amatsamiza pamimba m'makiliniki athu mpaka lero. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera acule a ku South Africa: cule wamkazi akabayidwa mkodzo wa mzimai wapakati anali kuikira mazira pofika m'mawa. Mu 1958 Ian Donald wa ku Glasgow anafalitsa zotsatira za sikani, nzeru imene anabwereka ku makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo.

Zikanathera pamenepo tikanati amai anagonja. Koma mu 1973 dokotala Sadovsky wa ku Jerusalem anaonetsa kuti mwa ana ena amene anafera m'mimba, kusewera kunali kucepa kapena kuleka coyamba, mtima ukali kumveka bwino. Mwana amene sakulandira mpweya ndi cakudya cokwanira kucokera kwa amai ake amasunga mphamvu, amaleka kutakataka. Woyamba kudziwa si makina, ndi amai. Mu 1976 ku Cardiff anayambitsa njira yowerenga kugunda mpaka 10 pa tsiku. Kafukufuku wamkulu wa mu 1989, wa azimai oposa 68,000, sanapeze kuti kulemba manambala pa khadi pakokha kumacepetsa ana obadwa akufa. Ife tiona kuti khadi silinali nkhani yeniyeni: cofunika n'cakuti mzimai akakamba kuti lero mwana sasewera monga mwa masiku onse, wina amumvere n'kumupima nthawi yomweyo. Ndipo zija timauzana zakuti mwana amakhala cete masiku akayandikira cifukwa malo acepa si zoona. Kasewerewe kamasintha, koma sikaleka, ndipo kukhala cete ndi nkhani yopita nayo kucipatala tsiku lomwelo, osati mawa.

Mbali ina ya mbiriyi ikali nafe. Azimai ambiri amayamba kupita ku sikelo mwana atayamba kusewera, monga kuti malire a Blackstone akali kugwira nchito. Malangizo a WHO a mu 2016 amati ulendo woyamba ucitike milungu 12 isanathe, pakhale maulendo 8 onse pamodzi, ndi sikani imodzi milungu 24 isanakwane. Podzafika tsiku lomva kugunda koyamba, mwezi wathunthu kapena iwiri ya kupima magazi, kulandira mankhwala oonjezera magazi ndi neti yoteteza ku malungo imakhala itapita kale.