Kufufuza Zitsulo Zosweka: Constance Tipper ndi Sitima za Liberty

Kufufuza zitsulo zosweka ndi nthambi ya uinjiniya imene imafuna kupeza chimene chathyola mlatho, thanki, payipi kapena makina a m'fakitale. Makampani, mabwalo a milandu ndi maboma amakonda kutumiza zidutswa zake ku malabotale a m'mayunivesite, chifukwa kumeneko kuli zipangizo zopimira komanso akatswiri amene sanapange nawo chitsulocho ndipo alibe mbali pa mlanduwo. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Constance Tipper, katswiri wa zitsulo wa pa yunivesite ya Cambridge ku England, amene anabadwa mu 1894 n'kumwalira mu 1995.

Pakati pa 1941 ndi 1945 dziko la America linapanga sitima zonyamula katundu za mtundu wa Liberty zokwana 2,710. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inkafuna changu, choncho m'malo molumikiza zitsulo ndi mariveti monga zinalili kale, anaziwotcherera. Posapita nthawi sitima zowotcherera zinayamba kuchita ming'alu, zina mpaka kuduka pawiri. Pa 16 Januwale 1943 sitima yatsopano yonyamula mafuta yotchedwa Schenectady inathyoka pakati ili chiimire padoko ku Portland, m'chigawo cha Oregon, madzi ali bata. Ambiri analoza chala owotcherera, poti ochuluka anali atangophunzira kumene ntchitoyo.

John Baker, mkulu wa dipatimenti ya uinjiniya ku Cambridge, anapempha Tipper kuti aone nkhaniyi. Mayiyu anali atadziwika kale: mu 1923 iye ndi G. I. Taylor anafotokoza mmene aluminiyamu amapindikira akakokedwa. Tipper atapima zidutswa za sitimazo pa kutentha kosiyanasiyana, anaonetsa kuti vuto lalikulu linali m'chitsulo mwenimwenimo. Chikakhala pofunda, chitsulocho chinkayamba chapindika chisanaduke, ndipo kupindikako kumachenjeza anthu. Kuzizira kukapyola mlingo wina, chitsulo chomwecho chinkangosweka ngati mbale yadothi, popanda chizindikiro chilichonse. Madzi a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic m'nyengo yachisanu ankafika pa mlingo woopsawo.

Sikuti kuwotcherera kunalibiretu mbali. Pa sitima ya mariveti mng'alu ukafika kumapeto kwa chitsulo chimodzi umaima. Pa sitima yowotcherera thupi lonse limakhala chinthu chimodzi, ndiye mng'alu umangoyenda mpaka kuzungulira. Ming'alu yambiri inkayambira pa ngodya zakuthwa za makomo olowetsera katundu, pamene mphamvu yokoka imaunjikana. Mankhwala ake anali osavuta kumva: kupanga ngodyazo mozungulira, kuika timizere ta zitsulo zamariveti toimitsa mng'alu, ndiponso kusintha kasakanizidwe ka chitsulo powonjezera manganizi. Kukanakhala kuti mlandu unathera pa owotcherera okha, mafakitale akanapitiriza kutulutsa chitsulo chomwecho, ndipo apa m'pamene phindu la wofufuza wosakondera limaonekera.

Njira zimene malabotale amatsata lero zinakula kuchokera pa ntchito ngati imeneyi. Choyamba amasunga bwino nkhope ya podukapo. Salola kuti zidutswa zigundanitsidwe poyesa kuzibwezera pamodzi, chifukwa kutero kumafufuta umboni. Podukapo pamakhala mizere yooneka ngati nsonga za mivi yoloza kumene mng'alu unayambira. Mizere ina yokhotakhota imasonyeza kuti chitsulo chinatopa pang'onopang'ono chifukwa chokokedwa ndi kumasulidwa kambirimbiri. Kenako amadula kachidutswa, kukapukuta mpaka kunyezimira, n'kukaona pa maikulosikopu. Amapimanso zosakaniza zake ndi kulimba kwake. Pa mayeso a Charpy, nyundo yolendewera imamenya kachitsulo kochekedwa pakati, ndipo amawerenga mphamvu imene kalandira kasanaduke. Tipper naye anakonza mayeso ake amene amatchedwa ndi dzina lake.

Mu 1949 yunivesite inamukweza kukhala Reader, udindo umene akazi ochepa kwambiri anali nawo mu uinjiniya nthawi imeneyo. M'zaka za m'ma 1950 anali mmodzi mwa oyamba kuona podukira chitsulo pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya maelekitironi imene gulu la Charles Oatley linkapanga ku Cambridge komweko. Buku lake, The Brittle Fracture Story, linatuluka mu 1962.