Mmene Pepala Lidaloŵera pa Malonda a Malo ndi Nyumba

Asanafike Azungu, malo sankagulitsidwa m'dziko muno. Munthu wofuna kumanga nyumba ankapita kwa nyakwaŵa, ndipo iye ankamulozera pomanga pamaso pa akuluakulu a m'mudzi. Maso a mboni adali umboni wokwanira, pakuti nthaka idali ya mudzi wonse.

Zinthu zidatembenuka m'zaka za m'ma 1880, pamene Azungu monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer adayamba kutenga malo aakulu kwa mafumu posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi zina zotero. Mafumu ambiri ankayesa kuti angolola alendo kulimapo, chonsecho mapepala amene adaikapo chizindikiro, asakudziŵa kuŵerenga, ankanena kuti agulitsa. Kuyambira m'chaka cha 1892, Harry Johnston adafufuza malondawo napereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Zambiri mwa zikalatazi zidali ndi mawu oletsa kusamutsa midzi imene idali kale pamalopo, koma eni minda sadawalabadire, mwakuti anthu adagwa m'thangata pa nthaka ya makolo awo. Nkhaniyi itafika kukhoti mu 1903, oweruza adaona kuti mapanganowo adali okondera, komabe zikalatazo zidakhalabe ndi mphamvu.

Mu 1902 boma la Britain lidalamula kuti makhoti a kuno azitsata malamulo a ku England, ndipo pakati pa malamulowo padali Statute of Frauds la m'chaka cha 1677. Lamuloli limati munthu sangasumire mnzake pa pangano logulitsana malo kapena nyumba popanda cholembedwa chimene wosumiridwayo adasaina. Cholinga chake chidali kuthetsa umboni wabodza. N'zodabwitsa kuti pepala, lomwe ku England lidabwera kudzateteza eni malo, kuno lidali litathandiza kale kuwalanda.

Malaŵi atalandira ufulu, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Registered Land Act mu 1967. M'madera amene lamuloli limagwira ntchito, mwini malo ndi amene dzina lake lili m'kaundula wa boma. Choncho wogula nyumba amayenera kufufuza m'kaundulamo asanapereke ndalama, kuti adziŵe ngati wogulitsayo alidi mwini wake, kapenanso ngati nyumbayo idaperekedwa chikole kubanki. Ngakhale atalipira zonse ndi kulandira makiyi, umwini sumusamukira mpaka chikalata chosinthira dzina chitalembedwa m'kaundula.