Mboni Ziwiri pa Mlandu wa ku Chikala

Pa bwalo la mfumu mlandu sudulidwa pakumva munthu mmodzi yekha. Mfumu imva wodandaula, imvanso woyankha, ndipo pamenepo iweruza. Ife tiyesa kuti mwambo womwewo uyenera kusungidwa polemba mbiri ya dziko.

M'caka ca 2001 Jimmy Wales ndi Larry Sanger anayamba buku lalikuru la pa intaneti lochedwa Wikipedia. Buku limeneli liribe mlembi mmodzi. Ali yense wofuna akhoza kulembamo ndi kukonzamo wosalandira malipiro, ndipo liripo m'zinenero zambiri, ndi m'Cicewa momwe. Mwa malamulo a alembi ace, akuru ndi awa: asakondere mbali, ndipo mau ali onse akhale ndi umboni wa zolembedwa zosindikizidwa. Malamulowa ngabwino, koma taonani cimene acita pa mbiri ya kwathu kuno.

Zolakwa zina nzosabvuta. Boma la Machinga kale linkachedwa Kasupe, ndipo Balaka anali m'kati mwace kufikira 1998, pamene anakhala boma pa yekha. Wotsata buku lakale akalakwa pamenepa, mnzace amkonza msanga.

Zobvuta ndi zija za mboni imodzi. M'mwezi wa April 1859 David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa, ndipo mabuku a Azungu anati iwo anaipeza. Koma kodi asodzi a pamenepo anali ataitaya? Mau oona ndi akuti alendowo anafika, naiona, nailemba pa mapu ao.

Cotero ndi mbiri ya mfumu Kawinga, wa Ayao a Machinga, amene anamanga mudzi wace pa phiri la Chikala. Anakana kugonjera boma la Angerezi limene Harry Johnston anakhazika ku Zomba mu 1891, ndipo mu 1895 asilikari a bomalo analanda phirilo. Johnston, amene anali mkuru wa bomalo, ndiye analembanso buku lochedwa British Central Africa mu 1897. Potero wodandaula anakhala ndi cosindikizira, koma woyankha anatsala ndi pakamwa pokha. Munthu wolemba pa Wikipedia lero, ngakhale mtima wace uli woongoka, akapeza mboni imodzi yokha adzakondera wosadziwa.

Tisanene kuti kusakondera ndiko kubisa zoipa za a kwathu, iai. Nzoona kuti mafumu ena a Ayao anagwira anthu nawagulitsa ukapolo, ndipo midzi yambiri ya Amang'anja inapasuka. Nzoonanso kuti Angerezi anadza kudzatenga dziko ndi kukhometsa msonkho. Mlembi wokhulupirika alemba zonse ziwiri, nachula amene ananena ciri conse.

Mboni yaciwiri siinasowe konse. Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe Myao wa ku Unangu, anamvetsera akuruakuru a mtundu wace, nalemba mbiri yao m'Ciyao: ciyambi cao pa phiri lochedwa Yao, maulendo ao a malonda ku nyanja yamcere, ndi mafumu ao. Bukulo, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Cifukwa iye analemba, mau a akuru aja akhoza kuima lero pa bwalo la dziko lonse.

Abale, mau a akuru akoma akagonera. Koma akagonera m'manda sathandiza munthu. M'midzi ya Kawinga, ya Liwonde, ya Nsamala, alipo okalamba amene anamva nkhanizi kwa agogo ao. Wikipedia sangalandire mau ao pokhapokha atalembedwa ndi kusindikizidwa. Tsono ife odziwa kulemba tikhale nao pansi, tilembe dzina la wonena, mudzi ndi tsiku, tisaonjeze kanthu, tisacotsenso cimene citicititsa manyazi. Tikaleka, adzukulu athu adzawerenga mlandu wa makolo ao wodulidwa ndi mboni imodzi.