Asilikali Amene Anapambana Nkhondo Nataya Mphotho

M'zaka za nkhondo ya Hitler, munthu wochokera ku Mitundu kapena ku Nathenje akayenda ulendo wodzera ku Fort Manning, kumene lero timati ku Mchinji, nakafika ku Fort Jameson, ankapeza Azungu amtundu wachilendo. Analibe esiteti ya fodya, analibe udindo m'boma, ndipo ambiri Chingerezi sankachidziwa. Awa anali othawa nkhondo ochokera ku Poland. Boma la Northern Rhodesia linawasunga m'misasa ya ku Fort Jameson, Lusaka, Bwana Mkubwa ndi Abercorn. Ambiri mwa iwo anali amayi ndi ana, pakuti amuna awo anali kunkhondo.

Dziko la Poland linaphwanyidwa ngati udzu wa pakati pa njovu ziwiri. Majeremani analowa m'dzikolo pa 1 Sepitembala 1939, ndipo pa 17 mwezi womwewo asilikali a Stalin analowera chakum'mawa. Mu 1940 apolisi achinsinsi a Stalin anapha akaidi pafupifupi 22,000 a ku Poland, ambiri a iwo atsogoleri a asilikali, ku Katyn ndi malo ena. Anthu wamba miyandamiyanda anatengedwa m'sitima za katundu kupita ku Siberia. Koma Hitler ataukira dziko la Russia mu 1941, Stalin anawamasula ena mwa akaidiwo. Iwo anatuluka kudzera ku Iran motsogozedwa ndi Władysław Anders: amuna analowa usilikali, pamene mabanja awo anamwazidwira ku India ndi kuno ku Afirika.

Ntchito imene asilikali a ku Poland anaigwira sinali yamasewera. Mu 1940 oyendetsa ndege awo, makamaka a gulu la 303, anagwetsa ndege zambiri za Majeremani zimene zinkaphulitsa mizinda ya ku Mangalande. Ku Italy, phiri la Monte Cassino linakanika kwa miyezi inayi, magulu ankhondo akubwerera m'mbuyo motsatizana, kufikira pa 18 Meyi 1944 pamene anyamata a Anders anaimika mbendera yawo pamwamba pake. Pafupifupi 1,000 a iwo anagona pomwepo.

Nthawi yomweyo anyamata a kuno kwathu nawonso anali atavala khaki. Boma la atsamunda linkalemba asilikali kudzera mwa mafumu, ndipo olembedwawo ankatengedwa kupita ku Zomba kukalowa King's African Rifles, gulu limene makolo athu analitcha Keyala. Ena anakopeka ndi malipiro, ena anafuna kuthawa msonkho, ndipo ena anangolozedwa chala ndi nyakwawa. Mu Julaye 1940 kagulu kochepa ka asilikali a ku Nyasaland kanalimbana ndi Mataliyana ochuluka pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kenaka kanatuluka usiku mozemba pakati pa adani. Dzina la kambi ya Moyale ku Mzuzu linachokera pamenepo. Anakamenyanso ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Madagascar. Koma nkhondo yoopsa koposa inali ya ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, kumene anathamangitsa Majapani mvula ili mkati, matope akumeza magalimoto, malungo akugwetsa anthu ngati chipolopolo. Mwana wa mlimi wa fodya, amene madzi aakulu amene ankawadziwa anali a Linthipe kapena a Diamphwe, anawoloka nyanja yamchere nakaima m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin.

Nkhondo itatha, magulu awiriwa anakumana ndi tsoka losiyana maonekedwe koma lofanana kuwawa. Pamsonkhano wa ku Yalta mu Febuluwale 1945, Churchill, Roosevelt ndi Stalin anagwirizana zinthu zimene zinasiya Poland m'manja mwa Russia, ndipo chigawo chake chakum'mawa, kumene kunali kwawo kwa asilikali ambiri a Anders, chinalandidwa. Pa 8 Juni 1946 ku London kunachitika perete wamkulu wachipambano. Asilikali a Keyala anaguba nawo tsikulo, koma a ku Poland sanaoneke. Boma la Britain, poopa kukhumudwitsa Stalin, linangoitanako oyendetsa ndege ochepa mwa asilikali a ku Poland amene anamenya nkhondo pansi pa ulamuliro wake, ndipo iwo anakana kupita anzawo atasiyidwa. Chaka chomwecho boma latsopano la ku Warsaw linamulanda Anders unzika. Lamulo la 1947 linawalola kukhazikika ku Britain, koma ulemu wawo sunabwerere. Stanisław Maczek, kazembe amene anamasula mzinda wa Breda ku Holland, anakalamba akuperekera mowa m'hotela ku Edinburgh. Anders anamwalira ku London mu 1970, naikidwa pakati pa anyamata ake ku Monte Cassino.

Msilikali wa Keyala anali ndi mwayi umodzi umene mnzake wa ku Poland analibe: mudzi wake unalipo, dimba lake linalipo. Koma mphotho yake inayezedwa ndi khungu. Pa mwezi uliwonse umene anatumikira, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa masheleni 10, pamene wachikuda waudindo womwewo ankapatsidwa masheleni atatu ndi theka, ngati kuti chipolopolo cha Mjapani chinkasankha mtundu. Ndalamazo zinathera pa njinga, makina osokera kapena chiwongo. Ena amene anaphunzira kuyendetsa galimoto anapeza ntchito m'tauni, koma ambiri anabwerera ku khasu ndi ku chigafa, kukagulitsa fodya pamitengo yoikidwa ndi Native Tobacco Board. Pasanathe zaka zinayi, njala ya 1949 inagwa m'dziko. Pofika mu 1953, munthu amene anauzidwa kuti akumenyera ufulu anaona dziko lake likulowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland popanda kufunsidwa.

Misasa ya othawa nkhondo ija inatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ochepa anabwerera ku Poland, ambiri anapita ku Britain, Australia ndi Canada, ndipo ena anatsalira m'manda a ku Bwana Mkubwa ndi ku Mbala. Asilikali a Keyala amakumbukiridwa mwezi wa Novembala chaka chilichonse pazipilala za ku Zomba ndi ku Area 18 mu Lilongwe, ngakhale kuti amene anaiona Burma ndi maso awo atsala pang'ono kutheratu.