AINA ONABOLU, MMISIRI WA ZITHUNZI WA KU NIGERIA

M'dziko la Nigeria, kumadzulo kwa Africa, muli mzinda dzina lace Ijebu-Ode. Kumeneko kunabadwa Aina Onabolu m'caka ca 1882. Anthu a mtundu wace, a Yoruba, anali amisiri kuyambira kale: ankasema mitengo, ankaumba, ndipo makolo ao a ku Ife ankasungunula mkuwa ndi kupanga mitu ya mafumu. Koma kujambula nkhope ya munthu pa pepala, kuti womdziwa amzindikire, inali nchito yacilendo. Azungu ambiri a masiku amenewo ankanena kuti munthu wakuda sangaithe nchito imeneyi, ndipo m'masukulu munalibe mphunzitsi wace.

Onabolu anayamba kujambula ali mnyamata wa pa sukulu. Popeza panalibe womlangiza, aphunzitsi ace anali mabuku ndi manyuzipepala ocokera ku Ulaya. Ankayang'anitsitsa cithunzi ca m'buku, nacitsanzira ndi pensulo, nafanizira cace ndi ca m'bukuco kuti aone pamene dzanja lasokera. Motero maso ace anazolowera kuyesa zinthu: kutalika kwa mphuno, mpata wa pakati pa maso, ndi mbali ya nkhope imene mthunzi wagwera.

Atakula analowa nchito ya ukalaliki ku Lagos. Usana ankalemba za Boma, koma nthawi yace yopuma ankaipereka ku zithunzi. Tsono anapitirira pa zithunzi za m'mabuku, nayamba kujambula anthu amoyo. Iyi ndiyo nchito yobvuta koposa, pakuti cithunzi ca m'buku cimakhala cete, koma munthu amatembenuka, amatopa, ndipo dzuwa likasuntha mthunzi nawonso usuntha. Anaphunziranso kusakaniza utoto ndi kugwira burashi. M'caka ca 1906 anajambula mai wina wa ku Lagos, Mrs Spencer Savage, ndipo cithunzi cimeneci cimawerengedwa pakati pa zoyamba za mtundu umenewu zojambulidwa ndi munthu wa ku Nigeria. Pambuyo pace anthu omveka a mumzindamo, madokotala ndi ena, ankadza kwa iye kuti awajambule.

M'caka ca 1920 Onabolu anasonkhanitsa zithunzi zace naziika poyera ku Lagos kuti anthu azione. Anasindikizanso kabuku kofotokoza za luso la kujambula. Caka comweco anakwera sitima ya pamadzi kunka ku London, kumene analowa sukulu ya zojambula ya St John's Wood. Pa nthawiyo anali ndi zaka pafupifupi 38. Sanafike kumeneko cimanjamanja: anali atajambula kale zaka zoposa makumi awiri. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Sukuluyo inaonjezera pa zimene anali nazo kale, monga malamulo a kaonekedwe ka zinthu, akuti cakutali cimaoneka cacing'ono ndipo msewu umaoneka wopanikizika pamene ukutalikira. Anaphunziranso ku Paris, pa sukulu ya Académie Julian, nabwerera kwao m'caka ca 1922 ali ndi cikalata ca maphunziro ace.

Atabwerera sanalisunge yekha lusolo. Ankayenda m'masukulu a ku Lagos, monga King's College ndi C.M.S. Grammar School, kuphunzitsa ana kujambula. Koma munthu mmodzi sakanatha kufikira masukulu onse. Cotero anapempha akulu a maphunziro kuti aitane mphunzitsi wina, ndipo m'caka ca 1927 kunafika Mngelezi, Kenneth Murray.

Anthu awiriwa sanali a maganizo amodzi. Onabolu ankafuna kuti ana adziwe malamulo a kujambula monga amaphunzitsidwira ku Ulaya, kuti pasapezekenso wonena kuti munthu wakuda sangathe. Murray ankafuna kuti ana ajambule za kwao, monga misika, magule ndi nchito za m'mudzi, ndi kuti asataye umisiri wa makolo ao. Njira ziwiri zonsezi zinabala zipatso. Mmodzi wa ophunzira a Murray, Ben Enwonwu, anakaphunzira ku sukulu ya Slade ku London, ndipo m'caka ca 1957 anatsiriza cifanizo camkuwa ca Mfumukazi Elizabeth II.

Onabolu anamwalira m'caka ca 1963, dziko lace litalandira kale ufulu wodzilamulira. Pa nthawi imeneyo kujambula kunali phunziro lodziwika m'masukulu a ku Nigeria, ndipo ku Zaria kunali sukulu yaikulu yophunzitsa amisiri a zithunzi. Mwana wofuna lusoli sanasowenso womlangiza, monga anasowera mnyamata uja wa ku Ijebu-Ode. Anthu a ku Nigeria amamkumbuka Onabolu monga tate wa amisiri a zithunzi a m'dziko lao.