Agogo Anga Sanali Oyera

Chaka chatha, banja lathu litagwirizana zomanga chiliza cha agogo anga aakazi, ntchito yopeza chithunzi choika pa matisheti inagwera ine. Paja ndine wopita ku yunivesite, ndiye chilichonse chokhudza foni ndi kompyuta amati ndimachidziwa. Vuto linali lakuti agogo sankakonda kujambulitsa. Chithunzi chokhacho chimene tinali nacho ndi chimene msuweni wanga anatijambula ndi foni ku Zomba, tsiku limene ndinkalandira digiri. Tinaima pakhonde, kumbuyo kwathu dzuwa likuswa mtengo. Kapinga akuoneka bwino, galimoto ya munthu wina ikuoneka mpaka nambala, koma nkhope ya agogo ndi mdima wokhawokha. Chooneka ndi mpango ndi mano basi.

Ndinapita nacho ku situdiyo ina m'tauni. Mnyamata wa pamenepo anati, "Osadandaula achimwene, tiwayeretsa." Mawa lake nditakachitenga ndinakawaonetsa amayi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kundibwezera. "Iwe, amenewa ndi ndani? Amayi anga sanali oyera chonchi."

Ankanena zoona. Agogo anali akuda bii, khungu losalala lija lomwe limanyezimira akadzola mafuta. Pachithunzipo panali mayi wina wotuwa ngati wadzola phulusa. Usiku umenewo ndinayamba kufufuza chifukwa chimene kamera imatichitira zoterezi, ndipo ndinapeza kuti nkhaniyi inayamba kale mafoni asanabwere.

M'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak ku America inkatumiza kakhadi kena kwa anthu otsuka zithunzi. Pakakhadipo panali chithunzi cha mayi wachizungu, Shirley Page, amene ankagwira ntchito pa kampaniyo, ndipo n'chifukwa chake makhadiwa anatchuka ndi dzina lakuti Shirley. Wotsuka zithunzi ankatchera makina ake mpaka khungu la Shirley litaoneka bwino, akatero n'kuyamba kutsuka zithunzi za wina aliyense. Kwa zaka zambiri amayi oikidwa pa makhadiwa ankasintha, koma onse anali azungu. Mankhwala a mufilimu nawonso anapangidwa poganizira khungu loyera. Mwana wakuda akaima pakati pa anzake achizungu pa chithunzi cha kusukulu, ankatuluka ngati momwe anatulukira agogo anga.

Lorna Roth, mphunzitsi wa pa Concordia University ku Montreal, anafufuza mbiri imeneyi n'kulemba zomwe anapeza mu 2009. Chimene chinandiwawa kwambiri m'nkhani yake ndi ichi: ena mwa amene anachititsa Kodak kukonza filimu yake anali makampani ogulitsa mipando ndi chokoleti. Iwowa ankadandaula kuti pa zithunzi zotsatsa malonda, matabwa akuda sankasiyana ndi ofiirira, ndipo chokoleti chakuda chinkafanana ndi chamkaka. Taganizani, tebulo ndi chokoleti zinamvedwa msanga kuposa anthu. Khadi la Shirley lokhala ndi amayi atatu a khungu losiyanasiyana linadzabwera pakati pa zaka za m'ma 1990.

Musaganize kuti luso lojambula munthu wakuda linali losatheka. Pamene ankamufuna, ankamuona bwinobwino. Ku South Africa, dziko lomwe anthu a kwathu kuno ambiri ankapita kukagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela, boma la tsankho linkakakamiza anthu akuda kuyenda ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi. Zina mwa zithunzizo zinkajambulidwa ndi makamera a Polaroid, ndipo kamera yawo yotchedwa ID-2 inali ndi batani lowonjezera mphamvu ya fulashi kuti nkhope yakuda ituluke bwino. Mu 1970, anthu awiri akuda ogwira ntchito ku Polaroid ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anatulukira za malonda amenewa. Anayambitsa gulu lolimbana ndi kampani yawo yomwe, ndipo Hunter anachotsedwa ntchito. Koma phokoso lawo silinapite pachabe: mu 1977 Polaroid inasiya malonda ake ku South Africa.

Kudetsa nako kuli ndi mbiri yake. Mu June 1994, O.J. Simpson atamangidwa, magazini a Time ndi Newsweek anaika pachikuto chithunzi chimodzimodzi chochokera kupolisi. Newsweek inachisiya momwe chinalili, koma Time inachidetsa, nkhope n'kuoneka yoopsa. Magazini awiriwo atayalidwa limodzi m'masitolo, aliyense anadzionera yekha, ndipo anthu anadzudzula kwambiri. Apa ndinamvetsa kuti kuwalitsa kapena kudetsa nkhope si nkhani ya makina okha. Pamakhala munthu amene wasankha momwe mnzake aonekere.

Nanga makamera a masiku ano? Kamera yoyamba ya digito inapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson, injiniya wa ku Kodak komweko. Inkalemera makilogalamu oposa 3, inkajambula zopanda mitundu, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Photoshop inatuluka mu 1990, ndipo ntchito yomwe kale inkachitika m'chipinda cha mdima, munthu akutchinga kuwala ndi dzanja kuti mbali ina ya chithunzi isade kwambiri, inasamukira pa kompyuta. Filimu inatha, koma chizolowezi china chinatsala. Kamera imayeza kuwala konse komwe ikuona n'kufuna kuti chithunzi chikhale pakatikati, osawala kwambiri, osada kwambiri. Kumbuyo kukakhala dzuwa lambiri, imachepetsa kuwala kuti thambo lisapse, ndipo woyamba kumira mumdima ndi munthu wa khungu lakuda. Izi n'zimene zinachitikira agogo pakhonde paja.

Zinthu zikusintha ndithu. Transsion, kampani ya ku China yopanga mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix omwe adzaza m'matumba mwathu, inatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa chotchera makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda. Google inabweretsa Real Tone pa foni ya Pixel 6 mu 2021, ndipo chaka chotsatira inayamba kugwiritsa ntchito muyeso wa mitundu 10 ya khungu wokonzedwa ndi Ellis Monk wa ku Harvard. Komabe tsegulani mafyuluta okongoletsa nkhope a pa foni yanu muone mbali yomwe amakukokerani. Ambiri amatiyeretsa, ife n'kumasangalala kuti tatchena, chimodzimodzi mafuta oyeretsa khungu aja a mumsika.

Ndinabwerera ku chithunzi choyambirira chija. Mwamwayi msuweni wanga anali akadali nacho m'foni mwake, ndiye ndinamuuza kuti anditumizire ngati document, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo zoyamba kutayika ndi tizinthu tobisika mumdima. M'chithunzi cha JPEG, kuwala kwa mtundu uliwonse kumasungidwa m'masitepe 256, kuyambira 0 mpaka 255. Malo omwe afika pa 0 palibenso chopulumutsa, koma nkhope ya agogo inali isanafike pamenepo. Mnyamata wa ku situdiyo uja anangokweza brightness ya chithunzi chonse, kuda konse n'kusanduka kutuwa. Ine ndinatsegula Snapseed, ndinakweza shadows pang'onopang'ono, ndinatsitsa highlights kuti kumbuyo kusachite mbee, kenako ndinawonjezera warmth pang'ono kuti khungu libwerere mtundu wake. Nditapitirira muyeso, pankhope pankatuluka timadontho ngati mchenga, ndiye ndinkabwerera m'mbuyo. Zinanditengera ola lathunthu.

Pang'onopang'ono makwinya a pamphumi anayamba kuoneka, kenako mphini ziwiri za patsaya zomwe ndinali nditaziiwala. Agogo anatulukira mumdima muja ali akuda momwe analili, akuseka, dzanja lawo litagwira gauni yanga.

Ndinawapatsa amayi foni osanena kanthu. Anaikulitsa nkhopeyo ndi zala ziwiri, anakhala chete, kenako anati, "Eya, awa ndiye amayi." Ndi chithunzi chimenecho chomwe tinavala tonse pa tsiku la chiliza.

Kuyambira pamenepo, ndikamajambula munthu ndimaonetsetsa kuti kuwala kukumenya nkhope yake osati msana, ndipo ndimayamba ndagunda nkhopeyo pa sikirini kuti foni iyeze kuwala kwa iyeyo, osati kwa thambo. Inunso mukapita kumudzi ulendo uno, akhazikeni agogo anu pamthunzi atayang'ana koyera, muwajambule kangapo. Akakana, anyengerereni.